Zidindo Zitatu za Ba Mwaanga

"Iwe Namasiku, njovu unaigwirapo?"

Anandifunsa choncho Ba Mwaanga tsiku lina masana, ine ndikutunga madzi pampopi umene nyumba yathu ndi yawo timagawana ku Linda, m'tauni ya Livingstone. Ndinali nditangolemba Giredi 9, malo ku Giredi 10 osapezeka, ndipo pakamwa pankandiyabwa. Ndinali nditawaseka kuti amangokhalira kusisita chiphwatalala cha dongo ngati akutonthoza mwana wodwala. Ndinayankha kuti njovu ndaziona kambirimbiri zikuwoloka msewu wa ku mathithi, koma zogwira ayi, sindine wamisala. Iwo anati ndiye kuti ndinangoona phiri likuyenda, khungu sindinalione. Zina anandiuza okha tsiku lomwelo, zina ndinazitola kwa akazi awo, Ba Lonah, ndipo ndazilumikiza pano mmene zinayendera.

Boniface Mwaanga anabadwira ku Linda komweko, bambo awo akugwira ntchito ya njanji. Sukulu sanapite nayo patali, koma manja awo anali ndi nzeru zawozawo. Ali mnyamata analowa ku fakitale yolumikiza magalimoto, ndipo anakhalako zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri tupa lili m'manja. Ntchito yawo inali ya zitsulo zokana kulowana. Chitsulo chikabwera ndi kamlomo, ankachipana n'kuchipala pang'onopang'ono mpaka chitakhala ngati chinabadwira pomwepo. Anzawo ankati Mwaanga amamva ndi chala chachikulu zimene ena amathamangira nazo ku choyezera.

Mu 1992 ntchito inatha. Sinathere iwo okha. Amuna ovala maovolosi ozilala ankakhala pansi pa mitengo m'mbali mwa Mosi-oa-Tunya Road, akuwerenga magalimoto a eni ake. Ba Mwaanga anabwera kunyumba ndi matupa asanu ndi awiri okulunga m'chiguduli, ndi chopanira zitsulo chakale chimene kapitawo anati angotenga. Anachimangirira pachitsa kuseri kwa nyumba. Panyumbapo panali ana atatu, wamkulu dzina lake Chuma.

Chimene chinatsala m'tauni chinali alendo obwera kudzaona mathithi, ndipo alendo amagula ziboliboli. Ba Mwaanga anayesa kusema. Njovu yawo yoyamba, Ba Lonah anaitembenuza uku ndi uku n'kufunsa ngati inali nkhumba yoluma paipi. Kusema sikunali kwawo. Amene anawatola anali Kasonde, mnyamata wa pakamwa pothwa yemwe anali ndi tebulo ku msika wa ziboliboli, ndiponso amuna atatu omusemera kuseri kwa nyumba ya amalume ake ku Nottie Broadie. Kasonde anawapatsa ntchito ya kumapeto: kusalaza njovu za mtengo wa mukwa ndi sandipepa, kuzipaka polishi wa nsapato, kuzipukuta mpaka ziwale. Ntchito imeneyi aliyense akanaigwira, ndipo Kasonde sankaiwala kuwakumbutsa. Ba Mwaanga ankadziwa kuti tsiku limene Kasonde adzapeze wina wa manja ofulumira, iwo adzabwerera pansi pa mtengo paja.

Chaka cha 1995 mvula inakana. Njovu zinayamba kulowa m'madimba a m'mbali mwa mtsinje wa Maramba, ndipo imodzi itavulaza mayi wina m'dimba lake, anthu a gemu, oyang'anira nyama zakutchire, anaiwombera mbandakucha. Uthenga wotere suchedwa ku Linda. Njovu ikagwa, aliyense amanyamula mpeni ndi beseni, wofika msanga ndiye adya. Ba Lonah anali ndi khanda kumsana, choncho beseni anapatsa amuna awo. Anawauza kuti akafike msanga ndipo asakacheze, poti nyama ana anailawa komaliza pa Khirisimasi.

Anafikadi msanga, anthu a gemu akadaletsa khamu kuyandikira. Mmodzi wa iwo, Likando, anagwirapo ntchito ku fakitale kuja, ndipo anawakodola kuti adutse akasankhe pabwino. Ba Mwaanga anaika beseni pansi, n'kuika chikhatho paphewa pa nyamayo pofuna pogwira.

Dzanja linakana kuchoka. Khungu lija silinali monga ankaliganizira. Linali long'alukang'aluka ngati matope a mtsinje wouma, koma kachigawo kalikonse kanali ndi kaonekedwe kake, kena kotalika, kena kophwanyika pakona, ndipo m'ming'alu munali fumbi lofiira. Kuseri kwa khutu linali lofewa ngati mkono wa nkhalamba. Pabondo linapindana mizere yozungulira. Apa ndi apo panali tsitsi lolimba ngati waya. Anakumbukira njovu zonse zimene anazisalaza zaka zitatu zija, zoterera ngati matako a mwana wodzola mafuta, ndipo anachita manyazi ngati munthu wagwidwa bodza.

Anathamangira kumtsinje n'kudzaza beseni ndi dongo. Anaumba ziphwatalala zitatu: chimodzi anachikanikiza paphewa, china kuseri kwa khutu, chachitatu pabondo. Akadagwada ndi chachitatucho, khamu linamasulidwa. Nkhwangwa zinalira, magazi anathovukira anthu kumaso, wina anawaponda dzanja osapepesa. Iwo anangokumbatira beseni lawo n'kutuluka chobwerera m'mbuyo. Pamene ankakumbukira zimene anadzera, panali patatsala nthiti ndi ntchentche.

Ba Lonah sanakuwe. Nyumba zonse za mumzerewo zinkanunkhira nyama, ana ataima pakhomo akununkhiza za eni. Anaphika chibwabwa, anagawira ana, ndipo pambale ya amuna awo anaikapo chiphwatalala chimodzi cha dongo.

"Idyani njovu yanu, atate ake Chuma. Ikali yotentha."

Patapita masiku awiri osalankhulana, Ba Mwaanga anapita kumene amaphwasula magalimoto akufa n'kukatola mabawuti atatu a mitu ikuluikulu. Anawafewetsa pamoto, anapala mitu yake mpaka kusalala, n'kuyamba kukopera khungu la padongo lija pamutu pa bawuti, kulichepetsa kuti phewa lonse la njovu likwane pamalo osaposa chikhadabo cha chala chachikulu. Ankafuna zidindo zodindira khungu pa njovu zamtengo. Matupa awo anali aakulu, choncho anasula ena ang'onoang'ono ndi masipoko a njinga. M'mawa ankasalaza njovu za Kasonde, masana onse ali pachitsa. Anapala m'mphepete mwa mutu uliwonse kuti muzitsetsereka, chidindo chikamenyedwa pamtengo chisasiye mkombero wosonyeza pamene chathera. Zinatenga miyezi itatu. Atamaliza, anaotcha chilichonse mpaka kufiira, n'kuchiviika mu oilo wakale wa injini kuti chiume mtima. Chitsulo chikaumitsidwa motero, moto sichifunanso kuuona. Ukachibwezera pamoto chimafewa ngati poyamba.

Mwezi wachiwiri wa ntchitoyo, kachitsulo kanadumphira m'diso lawo lamanzere. Magalasi otchinga maso anatsala ku fakitale. Anatsuka ndi madzi a pampopi, Ba Lonah anafinyiramo mkaka wa m'mawere monga amachitira ana, ndipo iwo anamanga kansalu n'kubwerera pachitsa, ati chidindo chatsala pang'ono. Pamene ankapita ku kiliniki, diso linali litayera ngati la nsomba yophika.

Njovu yoyamba ya khungu anaimenya masiku anayi. Kamenyedwe kake kanali ndi malamulo ake. Ukamenya kamodzi, chidindo uchitembenuze pang'ono usanamenyenso, kuti diso la munthu lisapeze paliponse pamene pabwerezedwa. Paphewa ndi pamsana nyundo igwe mwamphamvu, pamimba ingogunda, kuseri kwa khutu ingopsompsona. Chidindo chatsopano chikwere pang'ono pa chakale. Minyanga ndi zikhadabo osazikhudza. Poti diso limodzi silidziwa kuya kwa chinthu, Ba Mwaanga ankamvera kulira kwa nyundo, chala chachikulu chikutsatira pambuyo. Pomaliza ankalowetsa polishi wakuda m'ming'alu, n'kupukuta pamwamba, kenako wofiirira pa timapiri, ndi kadothi ka pabwalo kochepa kuti kuwala kufe.

Kasonde ataiona anaseka mpaka kugwira tebulo.

"Ba mudala, ni chani ichi? Njovu yadwala mphere? Muikeko na nsabwe kuti ikwane."

Koma inagulidwa tsiku lomwelo dzuwa lisanapendeke, ndi mayi wina wachizungu amene anaisisita nthawi yaitali. Yachiwiri inatero, yachitatu inatero. Osema a matebulo ena ankabwera kudzayang'ana, ena n'kuyesa ndi misomali, koma zawo zinkangooneka ngati zadyedwa ndi chiswe. Kumsika anayamba kuwatcha Ba Chikumba, mwini khungu. Kwa chaka ndi theka Ba Mwaanga ankayenda mu Mosi-oa-Tunya Road mutu uli m'mwamba, chigamba padiso, zidindo zitatu zili m'chitini cha fodya m'thumba la malaya, pamtima penipeni. Sankazisiya kunyumba ngakhale popita kutchalitchi. Chitini chimenecho ndicho chinkachititsa kuti munthu wa diso limodzi, wosadziwa kusema, akhale wofunika. Chikachoka m'manja mwawo, anali wosalaza wamba, wochedwa kuposa onse.

Kasonde naye ankadziwa. Vuto lake linali masiku anayi aja. Amuna ake ankasema njovu zisanu pamene Ba Mwaanga amaliza khungu la imodzi, ndipo zosemedwa zinkaunjikana m'masaka. Anapempha kuti amubwereke zidindo, anyamata ake athandizeko. Anakana. Anapempha kuti afulumizeko dzanja, asamatembenuze chidindo nthawi iliyonse. Anakana.

"Muzungu sakwatira njovu iyi, Ba mudala, agula chabe. Aika pa kabati, aiwala. Ndani azapenda bondo?"

Ba Mwaanga anayankha kuti iwo adzapenda, ndipo nkhani inathera pomwepo, kwa kanthawi.

Chakumapeto kwa 1996 diso lamanja linayamba kufiira. Kuwala kunkawalasa, ming'alu ya pamtengo inkasungunuka n'kukhala utsi. Ku kiliniki anawauza mosabisa kuti diso lakufa lija likukoka linzake, ndipo apite msanga ku chipatala cha maso, kutali, njira ya ku Lusaka. Msanga ndi mawu opepuka kwa munthu amene ali ndi choyendera. Anakhala milungu itatu akudontheza madzi amchere. Ndipo Kasonde anafika pakhomo, ulemu wonse, chipewa m'manja. Mkulu wake anali ndi lole yopita komweko Lachisanu, pampando wakutsogolo panali malo a anthu awiri, ndipo kunali msuweni woti akawasunge. Iye sankafuna kanthu. Kungoti zidindo zitsale, ntchito isaime.

Ba Mwaanga anati nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka. Ba Lonah anadikira Kasonde atuluke panja, n'kulankhula motsitsa mawu. Anati iwo anadya chibwabwa tsiku la njovu osadandaula kwa munthu, anatsuka mafinya a diso loyamba, koma sadzatsogolera wakhungu m'misewu ya Livingstone chifukwa cha mabawuti atatu. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ngati zitsulozo zili ndi maso, ziwaonere.

Lachisanu m'mawa, injini ya lole ikulira, Ba Mwaanga anatulutsa chitini. Anagwira dzanja la Kasonde osalisiya, n'kumuuza zonse: kutembenuza, mphamvu ya nyundo, chiti ndi cha phewa, chiti cha khutu. Kasonde ankangoti eya, eya, maso ali kulole.

"Zonse uiwale, mwana wanga, koma ichi chimodzi. Moto ayi. Wamva? Chisaone moto."

"Moto wa chani, Ba mudala? Kwerani, muzasiyidwa."

Kuchipatala anachotsa diso lakufa. Linalo analipulumutsa theka: linatsala loona kuwala ndi mdima, munthu ngati chithunzithunzi, nkhope osaizindikira mpaka atalankhula. Adokotala anati akanabwera mwezi umodzi m'mbuyomo, likanapulumuka lonse. Anakhalako milungu isanu. Ba Lonah ankati usana wonse chala chachikulu cha amuna awo chinkangoyendayenda pabulangete, chikutembenuka pang'ono, n'kugunda, kutembenuka, n'kugunda.

Tsiku lotsatira atabwerako, anauza Chuma awaperekeze ku Nottie Broadie. Asanalowe pageti anamva fungo. Linali fungo la mukwa ukupsa.

Amuna a Kasonde sanachite mwankhanza. Anachita zimene osema amachita kuyambira kale. Wosema akafuna mizere yakuda pa chiboliboli amaotcha waya pambaula n'kulemba nawo pamtengo. Anaona kuti kumenya chidindo chozizira pa mukwa wouma kukuwawitsa mkono, ndiye mmodzi anati bwanji tichitenthetse. Chotentha chinkalowa msanga, chinkasiyanso khungu lakuda kale, polishi osafunika. Anasangalala kuti apeza nzeru imene mudala sanaiganize. Zidindo zitatu zija zinkagona m'makala tsiku lonse, chimodzi chikazizira atenga china, nyundo pamwamba.

Kasonde anabweretsa chitini akulankhula zambiri, za ulendo, za msuweni, za mmene akuonekera bwino. Ba Mwaanga anatsegula, anatenga cha phewa, n'kuyendetsa chala pamutu pake. Timapiri tonse tinali titagona. Panatsala mabampu ofanana, ngati chingamu chotafunidwa. Cha khutu, chimene mizere yake inali yopyapyala ngati tsitsi, chinali chosalala ngati batani. Cha bondo chinali chitapindika khosi.

Sanakalipe. Anapempha njovu imodzi mwa zimene zinamenyedwa iwo kulibe. Anaiyendetsa m'manja kuyambira kuchitamba mpaka kumchira. Zidindo zinali m'mizere yowongoka ngati njere pa chitsononkho, chilichonse chitayang'ana kumodzi, kuya kofanana pamsana, pamimba, ngakhale pankhope. Anati imeneyi si njovu, ndi tayala.

"Koma ziyenda, Ba mudala. Ziyenda kupambana zanu. Sabata yatha zinapita twente."

Apa ndi pamene panawapweteka kuposa zitsulo. Kasonde sankanama. Alendo ankagula matayala aja mokondwa, ena akusisita ndithu ngati mayi uja. Ndipo zidindo zitayamba kufafanizika, Kasonde anali atapita kwa wowotcherera zitsulo wina, amene anamudulira mitanda pamitu ya mabawuti khumi ndi chopukusira, ntchito ya ola limodzi. Anabweza chitini ndi mtima woyera, poti sankachifunanso. Anati sandipepa ilipo ngati akufuna, imeneyo sifuna maso.

Anaivomera. Mpaka lero Chuma amabweretsa saka la ziboliboli Lolemba, ndipo Ba Mwaanga amakhala pachitsa paja akusalaza mvuu ndi akadyamsonga mongopapasa. Njovu amazibweza osazigwira. Kumsika dzina la Ba Chikumba linasamukira kwa mnyamata wina wa Kasonde, ndipo atsopano kumeneko sadziwa kuti linali ndi mwini. Ba Lonah salankhula za Lachisanu lija. Amagulitsa tomato pakhomo, ndipo amuna awo akamayenda kupita kuchimbudzi amachotsa ndowa panjira mwakachetechete, kuti asadziwe kuti zachotsedwa. Ziphwatalala ziwiri zinasungunuka ndi mvula yodontha padenga pamene anali kuchipatala, poti sanaziotche, ankaopa kuti moto ungazikhwinyate. Chinatsala cha phewa. Ndicho amasisita chija.

Tsiku la pampopi lija, atamaliza kulankhula, anandiuza ndipukute manja. Anagwira dzanja langa n'kuliika padongo. Ndinatseka maso mmene anandiuzira. Poyamba ndinangomva zokhakhala. Kenako chala chinayamba kupeza njira, mng'alu wina ukulowa mwa unzake, wina ukuthera panjira, palibe awiri ofanana. Madzi anasefukira m'ndowa, amayi akundiitana, ine osamva.

Ndinafunsa ngati chidindo china chingapalidwe. Anati matupa alipo, asanu ndi awiri, ndi a masipoko aja, akungodya dzimbiri. Chala chilipo. Maso ndiwo kulibe. Chuma safuna n'kumva komwe, akuti akufuna kukhala kondakitala. Ndinati nanga ine. Anaseka koyamba tsiku limenelo, kuseka kouma, n'kunena kuti mtsikana pachopanira zitsulo Linda yonse idzabwera kudzaonerera. Anati zinawatengera miyezi itatu ndi diso, iwo amene anagwira tupa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo ngakhale nditachipala, palibe mlendo adzasiyanitse.

Azakhali anga ku Lusaka akufuna ndipite mwezi wamawa ndikawalerere ana. Ndawalembera kuti sindibwera. Dzulo ndinatola bawuti kumene amaphwasula magalimoto, ndipo m'bale wa mnzanga wandipatsa magalasi akale a wowotcherera, galasi lakuda atalichotsa, loyera likadalipo. Ndidzapala ine, Ba Mwaanga azidzayesa ndi chala n'kundibweza pamene ndalakwa, kaya zitenga chaka. Chidindocho chikadzatha, ndisanachiviike mu oilo, ndidzalemba m'mbali mwake maina awiri, lawo pamwamba, langa pansi, ndipo sichidzagona m'thumba la munthu wina.